Katsitsi ka Pankhongo

Mayi Amara anali atatseka kale fayilo n'kuyamba kufunsa za tsiku loyambira ntchito pamene Joanna Kachingwe anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kalata ija. Inali ya masamba atatu, yofewa m'mapindiro chifukwa choitulutsatulutsa. Anaiika patebulo n'kuikankha ndi zala ziwiri.

"Musanandilonjeze kanthu, muwerenge kaye iyi," anatero m'Chingerezi. "Lamulo likuti ndikuonetseni."

Aka kanali kachisanu ndi chiwiri kuchita zimenezi, ndipo Joanna ankadziwa mmene zimathera. Munthu amayamba kuwerenga akumwetulira, pofika tsamba lachiwiri kumwetulira kuja kwauma, kenako amakuuza mwaulemu wonse wa kuno ku Ulaya kuti akuimbira foni. Foniyo ukhoza kuidikira mpaka kumera imvi. Ku Solihull anamupatsa ngakhale tiyi ndi bisiketi, koma ntchito ayi.

Zimene zinali m'kalatamo zinali zoona zokhazokha, n'chifukwa chake zinkawawa. Joanna anagwira unamwino zaka khumi ndi zinayi m'zipatala za ku Birmingham. Anapweteka msana ponyamula wodwala, dokotala n'kumulembera mapiritsi opha ululu. Ululuwo unatha, koma mapiritsi sanamusiye. Atasiya kumulembera, anayamba kutapa m'kabati ya m'wodi, awiri lero, anayi mawa, mpaka tsiku limene anzake anawerengetsa n'kupeza kuti sakukwana. Bungwe loyang'anira anamwino silinamulande nambala yake ya unamwino, koma linamumanga ndi malamulo. Asagwire mankhwala kapena makiyi a kabati. Aliyense womulemba ntchito amuuze zonse, ndipo pantchitopo pakhale namwino mnzake womulembera lipoti. Aziyezedwa mkodzo nthawi ina iliyonse akamuitana, ndi tsitsi pa miyezi itatu iliyonse. Tsopano inali itakwana miyezi khumi ndi isanu osalawa piritsi. Koma bungwelo linali kudzakhalanso pansi mu Meyi, ndipo namwino wopanda ntchito ya unamwino yoti aonetse nambala yake imazima yokha ngati moto wosasonkhezera. Kulongedza makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ya ku Nechells, kumene Joanna ankapezera ya lendi, palibe akanakuwerengera.

Mayi Amara anawerenga masamba onse atatu, n'kubwereranso pa loyamba. Anali mayi wa ku Nigeria, namwino iwonso, woyang'anira nyumba zinayi zosamalira okalamba za kampani ina ya ku Nuneaton. Ntchito imene inalipo inali yowerenga mafayilo a okalambawo ndi kuphunzitsa osamalira atsopano kalembedwe ka malipoti. Inkafuna namwino wa nambala yamoyo, koma piritsi sukanaligwira ngakhale limodzi. Joanna atangoiona pa intaneti anachita kuimirira pampando.

Mayiwo anavula magalasi. Anati iwo sakonda kuzungulira. Lipoti akhoza kumamulembera, koma eni kampani sangamve mawu chabe, ndiponso pali munthu wina wofuna malo omwewo amene alibe kalata ya masamba atatu. Anafunsa tsiku loyezetsa tsitsi, Joanna n'kuyankha kuti Lachiwiri likudzali.

"Zotsatira zake zikatuluka zoyera, mubwere nazo, tebulo ilo ndi lanu," anatero Mayi Amara. "Zikatuluka zina, kapena mukapanda kuyezetsa, musadzanditayitse nthawi."

Joanna anathokoza n'kutuluka. Pa siteshoni ya Nuneaton analephera kukhala pabenchi. Anayenda kukafika kumapeto kwa nsanja, n'kubwerera, n'kupitanso, akuwerenga masiku ndi zala ngati mwana wa sukulu: Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Mtima unkafuna kusangalala koma iye ankaukaniza, poti unali utamunamiza kale kasanu ndi kamodzi.

Foni inalira sitima isanafike. Anali Osborne, mlongo wake wamng'ono wa ku Bilston, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Dedza kokaika bambo awo. Joanna kumaliroko sanapite. Munthu woyezedwa mkodzo mwadzidzidzi satuluka m'dziko popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chinafika bambo atagona kale m'manda masiku awiri. Abale anawauza kuti kuchipatala amukaniza tchuthi. Onse ankadziwa kuti Joanna akadali nesi wamkulu m'wodi. Ndiye anali mzati wa banja, yemwe anathandiza Osborne ndi mkazi wake Kate kupeza ntchito yosamalira okalamba n'kubwera kuno zaka ziwiri zapitazo, yemwe a kutchalitchi ankamuimbira mwana akatentha thupi. Mzati sudandaula chiswe.

Osborne anati kumudzi kumeta kuli mawa Loweruka. Azakhali alamula kuti ana amene ali kunja amete tsiku lomwelo, ndipo amayi akufuna kuwaona mitu pavidiyo kuti mtima wawo ukhale pansi. Iye waitana kale anthu angapo a kutchalitchi, ena asinthitsa mashifiti, Kate wagula nkhuku.

Joanna anagwira wigi yake. Pansi pake panali tsitsi lake lenileni, losadaya, losapaka mankhwala owongolera, limene ankalisunga ngati mbewu. Kalata ya oyeza inkanena momveka kuti wometa tsiku loyeza lisanafike amalembedwa ngati wothawa.

"Lachitatu sizingatheke, achimwene?" anafunsa. "Ndili ndi ma-appointment ena."

Osborne atayankha, mawu ake anali ozizira.

"Achemwali, maliro munawakana chifukwa cha shift. Lumo mulikananso chifukwa cha appointment? Kumudzi ndinatopa n'kukuyankhirani. Azakhali anandifunsa pamaso pa anthu ngati bambo anakubalani kapena anakutolani. Mawa twelve. Mukapanda kubwera, amayi mukawauze nokha."

Mvula ikakuona litsiro siikata. M'sitima Joanna anaimbira Daniel, mkulu amene ankatsatira nkhani yake ku ofesi ya oyeza, koma anayankhidwa ndi makina, oti Daniel adzapezeka Lolemba. Analemba uthenga wofotokoza mwambo wa kumeta, n'kuufufuta. Anaulembanso mwachidule, n'kuufufutanso. Mzungu umuuza bwanji kuti wameta mpala masiku atatu kuyeza kusanachitike chifukwa azakhali a ku Dedza atero? Ngakhale Daniel akanamvetsa, akanasuntha tsikulo n'kuyamba kufunsa akuluakulu ake, ndipo Mayi Amara anali atanena kale za kuwatayitsa nthawi.

Atafika kunyumba anakolopa kukhitchini kumene kunali kokolopa kale. Anachapa makatani. Anaganiza zonama kuti wadwala, koma anadziwa kuti Osborne akanabwera ndi makina ometera mpaka pabedi. Anaganiza zothimitsa foni mpaka Lachiwiri, koma nkhope ya amayi ake inamubwerera, atakhala pamphasa, akudikira mwana wawo woyamba pa kagalasi ka foni. Apo analira, mokwiya, poti bambo ake ankawakonda, ndipo tsitsi lonselo akanawapatsa ndi manja awiri likanakhala lake lokha.

Loweruka anakwera tramu, kasitima koyenda m'misewu, kupita ku Bilston asanaganize chochita. Anatsika, n'kulowa mumsika osafuna kugula kanthu, n'kutulukamo ndi matimati amene palibe anamutuma. Anafika kwa Osborne nthawi itapitirira ndi theka la ola.

Pabalaza panali podzaza. Amayi a kutchalitchi anali atakhala pansi pa kapeti atavala zitenje pamwamba pa mathalauzi, abambo pamipando, ana m'masitepe akukangana m'Chingerezi. Onse anadzuka kumupepesa, akumutchula kuti a Sister monga mwa masiku onse. Osborne anali atameta kale, mutu uli mbee, ndipo anamupatsa moni osamuyang'ana m'maso. Foni inali itatsamizidwa pa botolo la maluwa, kudikira kuti kumudzi netiweki igwire.

Kate ndiye anamutenga kupita naye kubafa ya pamwamba. Anali mkazi wamfupi wa ku Mchinji, wa pakamwa posachedwa, amene ankameta okalamba kuntchito kwake ndipo makina anali ake. Anayala nyuzipepala pansi, n'kumukhazika Joanna pa mpando wa pulasitiki, n'kumukoleka chitenje m'khosi. Atachotsa wigi anaimba kamluzu.

"Alamu, tsitsi lonseli mumalibisira ndani? Ife timati mwina kunsiku kuli dazi. Chikhala ine bwenzi anthu a pa bus stop akundidziwa."

Joanna anayesa kuseka koma sizinatuluke. Makina analira. Kate anayambira pachipumi, ndipo tsitsi loyamba linagwera pa chitenje, lakuda, lofewa. Anadutsanso kachiwiri, kachitatu, akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Joanna ankaliona likugwa, manja atawapana pakati pa maondo. Makina atakwera kupitirira pa liwombo kulowera kumbuyo, dzanja lake linanyamuka lokha n'kugwira mkono wa Kate.

Kate anathimitsa makina, akuganiza kuti wamutema.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Joanna anayankhula akuyang'ana nyuzipepala ya pansi ija. Ananena za msana, za mapiritsi, za kabati, za tsiku limene anamuperekeza kutuluka m'wodi anzake akuyang'ana kumbali, za makatoni amene amalongedza ku Nechells. Ananena kuti yunifolomu imene Kate amaiona itapachikidwa kuseri kwa chitseko yatha chaka ndi miyezi isanavalidwe, kuti maliro sanawakane koma anamangidwa miyendo, ndiponso kuti ntchito yokhayo imene yamutsegulira khomo ikudikira tsitsi limene lili pansi pa makinawo. Sanalire. Mawu ankangotuluka ouma, motsatizana, ngati akupereka lipoti la wodwala wina.

Kate anakhala pamphepete pa bafa, makina ali pamwendo.

"Ndiye ine ndinkakuimbirani ndili pa shift kukufunsani za ma-dose a anthu anga," anatero Kate, "inu muli ku warehouse?"

"Ndinkakuyankhani zoona."

"Zoona zinali zoona, koma mwatipusitsa, alamu. Mwamuna wanga watukwanidwa kumudzi chifukwa cha inu. Ine ndakunenani mumtima kuti ndinu wonyada, mpaka ndinakaulula kwa abusa. Chikhala munanena, bwenzi tchimo limenelo ndilibe."

Joanna anati akudziwa. Anati ngati Kate akufuna kumaliza kumeta amalize, iye watopa.

Kate anadzuka, n'kumuzungulira, n'kumuweramitsa mutu ndi zala ngati akusankha dzungu pamsika. Anafunsa kuti oyezawo amadula pati, ndipo amafuna lochuluka bwanji. Joanna analoza kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa nkhongo, n'kunena kuti amatenga kamtolo konenepa ngati pensulo, nthawi zina tiwiri, kuyambira pakhungu penipeni.

"Basi? Chipwirikiti chonsechi n'cha pensulo?"

Anatenga chipeso, n'kupatula kachigawo kokula ngati chikhatho cha mwana, n'kukaluka kamodzi, n'kukamanga ndi kalabala kamene anachotsa kumutu kwake. Kenako anayatsa makina n'kumeta kwina konse mosamala, kuzungulira kachilumba kaja, mpaka khungu linawala. Anati azakhali analamula kumeta, koma sanatumize muyezo. Anamumanga duku, n'kumuuza kuti pavidiyo angolikweza kutsogolo, amayi aone chipumi, nkhani ithe. Zinazo adzanena yekha tsiku limene adzafune.

Potsika masitepe anapeza netiweki itagwira. Pa foni panali amayi awo, mutu uli mbee, maso atalowa, azakhali atasuzumira paphewa pawo. Osborne anawerama n'kuonetsa mutu wake mbali zonse, azakhali n'kuvomereza. Kenako anthu anapatuka kuti Joanna agwade patsogolo pa foni. Anapereka moni, anapepesa, n'kukweza duku kutsogolo monga anapangana.

Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Mayi amene anakusambitsa sungamubisire chipsera.

"Chotsa dukulo, Jowana. Utembenuke ndikuone bwino."

Kate anayamba kunena kuti kuno kukuzizira, munthu wongometa kumene sayenera kuvula kumutu, koma Joanna anamugwira mwendo kuti asiye. Akanatha kunena kuti foni ikudukaduka. Akanatha kutembenuka mwachangu dzanja lili pankhongo. Anaona kuti bodza lililonse limene ananena chaka chonsechi linkabala linzake, ndipo ili likanabala loti azilisenza mpaka amayi ake adzamwalire. Anamasula duku, n'kutembenuka, nkhope n'kuloza kwa anthu a kutchalitchi, nkhongo kwa amayi ake.

Azakhali ndiwo anayamba, kufunsa ngati imeneyo ndiyo fasho ya ku Ulaya yolirira bambo, kapena mwanayu walowa zina zake zosadziwika.

"Ndi ka kuchipatala, amayi," anatero Joanna, osatembenuka. "Ndakhala ndikudwala, matenda a mapiritsi. Ndinkamwa osalekeza mpaka ndinaba a odwala, ntchito n'kundithera. Akundiyeza ngati ndasiyadi, ndipo amayezera tsitsi. Akadula Lachiwiri. Ndikameta lero, unesi wanga watha. N'chifukwa chake sindinabwere kudzaika bambo."

Mayi wina wa kutchalitchi anatsitsa maso. Wina anakoka mwana wake n'kumutulutsa, ngati kuti zimenezi zimapatsirana. Osborne anali ataima pakhomo la kukhitchini, pakamwa pali pululu, ndipo Joanna sanathe kudziwa ngati unali mkwiyo kapena manyazi. Azakhali anayambanso kuyankhula, koma amayi anawakankha ndi chigongono mpaka anachoka pagalasi.

"Wasiya?"

"Chaka ndi miyezi itatu."

"Nanga ukudya? Khosi lakolo latha."

Joanna anati akudya. Amayi ake anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti za bodzalo adzakambirana awiri, pakuti ali nawo mawu ndipo sadzamunyengerera. Kenako anayandikiza nkhope pa foni.

"Akakadula akewo, kotsalako umete. Bambo ako adikira mpaka Lachiwiri. Sanali munthu waphuma."

Apo m'pamene Joanna analira maliro a bambo ake koyamba pamaso pa anthu, atagwada pa kapeti ya ku Bilston, Kate atamugwira mapewa.

Nkhani yotere siigona. Pofika Lamulungu madzulo inali itafika ku Coventry ndi ku Leicester, itamera nthambi zimene mwiniwake sakanazizindikira. Ena amene ankamuimbira mwana akatsokomola anasiya, ndipo dzina la a Sister linayamba kutchulidwa ndi anthu ochepa. Osborne sanamuimbire Lamulungu, sanamuimbire Lolemba. Joanna anagwira mashifiti ake a makatoni, akuyang'ana foni pa mphindi zilizonse, tulo tikubwera mwa apo ndi apo.

Lachiwiri m'mawa mtsikana woyeza anadabwa ataona mutu wa mpala wokhala ndi kachilumba kumbuyo. Joanna anamufotokozera za maliro, iye n'kupepesa, n'kuyeza kutalika kwa tsitsilo, n'kunena kuti likukwana. Anadula timitolo tiwiri, n'kutikulunga m'kapepala konyezimira, Joanna n'kusaina. Zotsatira zinali kudzatuluka pakatha masiku khumi, koma iye ankazidziwa kale. Ali pakhomo penipeni analembera Mayi Amara kuti wayezetsa, ndipo yankho linabwera asanabweze foni m'thumba, loti tebulo likudikira pepalalo.

Panja kunkawaza kamvula. Tsidya la msewu kunali kutaima galimoto ya Osborne, injini ikulira. Joanna sanamuuze malo ake, choncho anadziwa kuti ndi ntchito ya Kate. Anawoloka n'kutsegula chitseko. Pampando panali makina ometera atakulungidwa m'thaulo.

"Alamu anu ali pa shift," anatero Osborne, maso ali kutsogolo. "Akuti ndimalize ine. Lowani, achemwali, amayi akudikira."